Adyo, jinja, cham'mwamba kapena nimu: chiti choyenera kulowa m'chakudya cha nsomba za m'dziwe?

Pa ulimi wa nsomba, chakudya ndicho chimatha ndalama zambiri, ndipo matenda ndiwo amafafaniza thukuta la miyezi 6 m'sabata imodzi. N'zosadabwitsa kuti alimi a maiwe ayamba kufunsa za zomera zomwe akuti zimakulitsa nsomba msanga ndi kuziteteza ku matenda, monga adyo, jinja, cham'mwamba, alovera, njere za papaya ndi nimu. Nkhaniyi inakula kwambiri mayiko a European Union ataletsa, mu 2006, kuthira mankhwala opha mabakiteriya m'chakudya cha ziweto pongofuna kuzinenepetsa. Makampani ndi ofufuza anayamba kusakasaka cholowa m'malo, ndipo maso awo anagwera pa zomera. Kuyambira pamenepo kafukufuku wachuluka, makamaka ku Egypt, India, China, Iran ndi Nigeria, ndipo zina mwa zomwe zapezeka n'zothandizadi. Koma zomerazi sizigwira ntchito imodzi. China ndi chakudya chabe, china chimalimbitsa thupi la nsomba kwa kanthawi, china ndi poizoni. Amene amaziwunjika pamodzi n'kumati zonse ndi "zachilengedwe, sizingapweteke" ndiye amadzapeza nsomba zitayandama m'mawa.

Tisanayambe kuyerekeza, pali chinthu chomwe mlimi wa kuno ayenera kuchisunga mumtima. Kafukufuku wambiri anachitikira m'matanki a madzi oyera, pa nsomba zodya mapeleti, chakudya cha timibulu chokwanira zonse, ndipo kawirikawiri nsomba yake inali tilapiya wa ku Nile. Nsomba imeneyo siloledwa kuwetedwa m'Malawi muno, pofuna kuteteza chambo ndi nsomba zina za m'nyanja yathu. Ife timaweta makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba, m'maiwe okumba, ndipo ambiri timadyetsa madeya. Madeya ali ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse, pomwe nsomba za mtundu wa makumba zimafuna magawo 25 mpaka 30 kuti zikule bwino. Kuthira adyo pa madeya okhaokha kuli ngati kumwetsa mavitamini mwana amene akugonera phala lopanda nsinjiro. Zomera zabwino mwa zomwe ndifotokoze m'munsimu zimathandiza nsomba yomwe ikukhuta kale, yokhala m'madzi obiriwira bwino ndi manyowa, yosathithikana ndi zinzake.

Adyo

Mwa zonsezi, adyo ndiye ali ndi umboni wambiri, ndipo ine ndingamuike patsogolo. Mphamvu yake ili m'kanthu kotchedwa allicin, komwe kamapha kapena kufooketsa mabakiteriya ndi tizilombo tina tokakamira pakhungu ndi m'makha a nsomba. Chofunika kudziwa n'chakuti m'adyo wosasinja mulibe allicin. Amapangika pokhapokha adyo akasinjidwa kapena kuphwanyidwa, zinthu ziwiri zomwe zinali padera mkati mwake zikakumana. Moto umawononga chimodzi mwa ziwirizo, ndipo allicin akapangika sakhalitsa. Choncho adyo wowiritsa pamodzi ndi phala la nsomba, kapena wosinja lero n'kudyetsa sabata yamawa, amakhala atatha mphamvu yake yambiri.

Ku Scotland, ofufuza awiri, Nya ndi Austin, anafalitsa mu 2009 zotsatira zomwe zimatchulidwa kwambiri. Anadyetsa nsomba za trout chakudya chokhala ndi theka la galamu kapena galamu imodzi ya adyo pa magalamu 100 alionse kwa masiku 14, kenaka anazipatsa dala bakiteriya wotchedwa Aeromonas hydrophila. Mwa nsomba zomwe sizinadye adyo zinafa 88 pa 100, pomwe mwa zodya adyo zinafa 4 zokha. Trout ndi nsomba ya m'madzi ozizira, yonga ija ya pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo si m'bale wa makumba. Komabe bakiteriya ameneyu ndi yemweyo amene amakhala m'maiwe athu, n'kumayambitsa zilonda zofiira, kutupa mimba ndi kunyenyeka kwa zipsepse nsomba ikafooka. Ku Egypt anayesanso adyo pa tilapiya, pa milingo ya magalamu 10 mpaka 30 pa kilogalamu ya chakudya, ndipo ambiri anapeza kuti nsomba zinkadya ndi mtima wonse, zinkakula bwinoko, ndipo zochepa ndizo zinkafa.

Onani kuti adyo anaperekedwa matenda asanafike. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezera. Nsomba yodwala imasiya kudya, ndiye chilichonse chomwe mwasakaniza m'chakudya chimangomira pansi n'kuwola. Nthawi ya adyo ndi masabata awiri musanachite chinthu chovutitsa nsomba, monga kukoka ukonde kuti musankhe zazikulu, kusamutsa mbewu (tiana ta nsomba) kupita dziwe lina, kapena kumapeto kwa Meyi chisanu cha Juni ndi Julayi chisanalowe.

Nanga mtengo wake? Tiyeni tiwerengere dziwe la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, lokhala ndi nsomba 600 zolemera magalamu 50 iliyonse. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 30. Mukamadyetsa magawo 3 pa 100 a kulemera kwake, chakudya cha tsiku ndi magalamu 900. Gawo limodzi pa 100 la chakudya chimenecho ndi magalamu 9 a ufa wa adyo wouma, ndiye kuti magalamu 126 pa masiku 14. Adyo wamuwisi ali ndi madzi ambiri, choncho pamafunika kuchulukitsa pafupifupi katatu, komabe simufika theka la kilogalamu. Kwa amene amagula pa Lizulu kapena pa Tsangano nthawi yokolola, imeneyo si ndalama yoopsa. Zimasintha mukafuna kudyetsa adyo tsiku lililonse mpaka kukolola, chifukwa nsomba zikamakula chakudya chimachuluka, adyo nayenso amachuluka, ndipo phindu lake silionjezeka molingana. Adyo wopyola muyeso amachititsa kuti nsomba ziyambe kukana chakudya, ndipo mwa nyama zambiri amawononga magazi. Masabata awiri kapena atatu, kenaka kupumira, ndiyo njira yanzeru.

Kasakanizidwe kake ndi komwe kamalekanitsa wopindula ndi wotaya ndalama. Ngati muli ndi mapeleti ogula, sendani adyo, musinjeni m'kamtondo mpaka asalale, ndipo mumusiye mphindi 10. Thirani madzi pang'ono ndi supuni ya mafuta ophikira, takasani, kenaka wazani pa mapeleti ali m'beseni uku mukuvundula ndi manja kufikira peleti iliyonse itanyezimira. Yanikani pa lichero pamthunzi kwa kanthawi ndipo dyetsani tsiku lomwelo. Mafutawo ndiwo amagwira adyo kuti asasungunukire m'madzi nsomba isanameze. Ngati mumangowaza madeya ouma pamwamba pa madzi, adyo amakokoloka nthawi yomweyo. Pamenepo ndi bwino kuumba: sakanizani madeya, soya wokazinga ndi kugayitsa, ndi usipa wofumbutuka ngati ulipo, mangani ndi phala lozizira la ufa wa chinangwa, thirani adyo pomaliza, ndipo dutsitsani pa chopukusira nyama kuti mutuluke timizere toti muyanike. Soya asalowe wosakazinga, chifukwa wamuwisi amalepheretsa nsomba kugaya zomanga thupi.

Jinja

Jinja amatsatira pafupi. Ofufuza omwe aja a ku Scotland anamuyesa chaka chomwecho pa mlingo wofanana, ndipo nayenso anachepetsa kwambiri imfa za nsomba. Ubwino wake kuposa adyo ndi woti akauma ndi kusinjidwa amasungika miyezi osatha mphamvu msanga, ndiye n'zotheka kumusakaniza m'chakudya cha sabata yonse nthawi imodzi. Pa kupha tizilombo mwachindunji, adyo ndiye ali patsogolo. Pa kuthandiza kugaya chakudya ndi kudzutsa chitetezo cha m'thupi, awiriwa sasiyana kwenikweni. Sankhani amene ali wotchipa kwanuko mwezi umenewo, magalamu 5 mpaka 10 pa kilogalamu ya chakudya, ndipo palibe chifukwa chothira onse awiri pa mlingo wodzadza.

Cham'mwamba

Mtengo uwu watamandidwa kwambiri moti anthu ena amauona ngati mankhwala a chilichonse. Kwa nsomba, cham'mwamba ndi chakudya, ndipo tiyenera kuchiweruza ngati chakudya. Masamba ake ouma ali ndi zomanga thupi zopitirira kotala la kulemera kwake, kuphatikizapo mavitamini ndi michere ya m'thupi. Kwa mlimi wa ku Chikwawa, Nsanje, Salima kapena Mangochi, komwe mtengowu uli pa mpanda wa nyumba, chimenechi ndi chuma chomwe madeya alibe. Adyo ndi jinja mumagula, koma cham'mwamba mumangothyola.

Vuto lake lili m'masamba momwemo. Muli zinthu zowawa ndi zochita thovu zomwe zimachepetsa chilakolako cha kudya ndi kutsekereza zina mwa zakudya kuti zisalowe m'thupi. Ku yunivesite ya Hohenheim ku Germany, Richter ndi anzake anapeza mu 2003 kuti ufa wa masambawa ungalowe m'malo mwa magawo 10 pa 100 a zomanga thupi za m'chakudya cha tilapiya popanda vuto, koma atakweza kufika pa 20 ndi 30 nsomba zinayamba kukula mochedwa. Ndiye amene akudzaza theka la beseni ndi ufa wa cham'mwamba poganiza kuti akupulumutsa ndalama za soya akudzichedwetsera yekha kukolola. Chikho chimodzi cha ufa wa masamba pa zikho 9 za zosakaniza zina ndiwo malire abwino. Masamba aumire pamthunzi, chifukwa dzuwa limapsereza mavitamini, ndipo kuwaviika m'madzi usiku umodzi musanayanike kumachotsako kuwawa kwina.

Mtundu wa nsomba ulinso ndi mbali yake. Chilunguni chimadya masamba mwachibadwa. Mukaponya kholowa, chigwada kapena masamba a maungu m'dziwe, mumaona tsamba likugwedezeka, likudyeka kuchokera m'mphepete mpaka kutsala mitsempha yokha. Nsomba yotere mungaipatse nthambi zanthete za cham'mwamba zili zaziwisi. Makumba ndi chambo amadalira kwambiri tizomera ting'onoting'ono tobiriwiritsa madzi ndi zonyenyeka za pansi, choncho kwa iwo masamba ayenera kukhala ufa wosakaniza m'chakudya. Mlamba ndiye amafuna zomanga thupi za nyama zochuluka, ndipo masamba ambiri samuyanja. Chenjezo limodzi lofunika: gwiritsani masamba okha. Njere, makungwa ndi mizu ya cham'mwamba zisalowe m'chakudya cha nsomba.

Alovera ndi njere za papaya

Alovera anayesedwa ku China pa tilapiya, ndipo pa mlingo wochepa, wosapitirira magawo 2 pa 100, anathandiza kukula ndi kulimbana ndi bakiteriya wa Streptococcus, amene amavuta madzi akatentha kwambiri. Koma kukonza kwake n'kovuta pakhomo. Utomoni wachikasu wa pansi pa khungu la tsamba umatsegula m'mimba, ndipo nyama yoyera ya mkati ndi madzi pafupifupi yonse, moti kudziwa mlingo weniweni popanda sikelo yabwino ndi choumitsira n'kongoyerekeza. Pa dziwe la pamudzi sindikuona chomwe alovera angachite choposa adyo.

Njere za papaya zili ndi ntchito ina yosiyana. Aliyense woweta makumba amalidziwa vuto la kuswana: mumaika nsomba 600, pakatha miyezi ingapo m'dziwe muli tiana miyandamiyanda tolimbirana chakudya, ndipo pokolola mumatulutsa tinsomba tosakwana chikhatho. Ku Nigeria, kuyambira mu 2003, ofufuza anaonetsa kuti ufa wa njere za papaya umachepetsa mphamvu yobereka ya tilapiya wamphongo. Nzeruyi ndi yokopa, popeza njerezo timangotaya. Koma mlingo wochepa umagwira kwa kanthawi, nsomba n'kuyambanso kuswana mukasiya, pomwe wochuluka umawononga ziwalo za mkati, kuphatikizapo chiwindi. Komanso amphongo ochepa okha otsala ndi mphamvu amakwanira kudzadza dziwe ndi ana. Njira yodalirika ikadali yosankha amphongo okhaokha ndi maso nsomba zikafika magalamu 30 kapena kuposera, poyang'ana kumaliseche, ntchito yomwe alangizi a za nsomba amaphunzitsa. Ndipo njere za papaya zisayandikire konse dziwe la makolo oswetsa mbewu.

Nimu ndi zomera zophera nsomba

Apa ndilankhula molimba. Nimu amapha tizilombo, n'chifukwa chake timamuthira m'nkhokwe ndi m'dimba. Madzi a masamba ake amaphanso tizilombo tina ta pakhungu la nsomba akagwiritsidwa ngati bafa m'thanki, pa mlingo woyezedwa bwino. Koma mpata wa pakati pa mlingo wopha kachilombo ndi wopweteka nsomba ndi wochepa, ndipo kuwawa kwa masamba kumasiyana mtengo ndi mtengo, nyengo ndi nyengo. Kafukufuku waonetsa kuti madzi a nimu amawononga makha, chiwindi ndi impso za nsomba. Amaphanso tizilombo tabwino ta m'madzi tomwe ana a nsomba amadya. M'chakudya, kuwawa kwake kokha kumakwanira kuti nsomba zithawe. Ine nimu sindingamuike m'chakudya, ndipo sindingaponye nthambi zake m'dziwe lokhala ndi nsomba.

Ombwe, amene alimi ambiri anadzala kuti abwezeretse chonde m'nthaka ndi kupopera mbewu, ndiye woopsa zedi. Masamba ake ali ndi poizoni wa mtundu wa rotenone, amene amalowa kudzera m'makha n'kuletsa thupi la nsomba kugwiritsa ntchito mpweya. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya katupe wophera nsomba m'mitsinje. Ndowa yomwe mwaviikamo ombwe wopopera ndiwo zamasamba isatunge madzi m'dziwe, ndipo mpopi wake usatsukidwe m'ngalande yolowetsa madzi.

Zogula m'mabotolo ndi m'mapaketi

Pali makampani omwe amatcheza mafuta a zomera monga oregano ndi thyme, n'kuwakuta kuti asauluke ndi kutentha kwa makina opangira mapeleti. Ubwino wake ndi woti mlingo umadziwika, ndipo paketi ya lero ndi yofanana ndi ya mawa, zomwe adyo wa pamsika sangalonjeze. Kwa alimi akuluakulu, monga oweta m'makhola a pa nyanja ku Mangochi kapena ku Siavonga pa nyanja ya Kariba ku Zambia, komwe nsomba zimakhala zothithikana ndipo bakiteriya akalowa amasesa matani, zoterezi zingabweze ndalama yake. Kwa mlimi wa dziwe limodzi kapena awiri, zimabwera kuchokera kunja pa mtengo wa ndalama zakunja, ndipo ndalama yomweyo ingagule thumba la chakudya choyandama kapena soya wokwanira miyezi. Pewani botolo lililonse lomwe silinalembe zomwe zili mkati, mlingo wake ndi tsiku lothera ntchito, ngakhale wogulitsa atalumbira chotani.

Zomwe zomera sizingachite

Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda zakuya pa nsomba, odziwika ndi dzina loti EUS, omwe anali ataoneka kale mu 2006 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Amayamba ndi nkhungu ya m'madzi yotchedwa Aphanomyces invadans, yomwe imaboola khungu n'kulowa mpaka m'mnofu, ndipo amakonda nyengo yozizira ndi madzi a asidi wambiri. Matendawa alibe mankhwala ochiza m'dziwe, kaya a m'sitolo kaya a m'munda. Chomwe chimathandiza ndi kuthira laimu pokonza dziwe, kuliumitsa mpaka pansi pang'ambike musanaikemo mbewu ina, kutchinga kuti nsomba za mumtsinje zisalowe ndi madzi, kusabwerekana maukonde osayanika padzuwa, ndi kugula mbewu kwa oswetsa odziwika kapena ku malo a boma monga a ku Domasi. Mukaona zilonda zotere, kwirirani nsomba zakufa kutali ndi madzi, musatulutse madzi a dziwelo kupita kumtsinje, ndipo dziwitsani ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu tsiku lomwelo. Kutaya masiku mukusinja adyo kumangopatsa matendawa mpata wofika kwa anansi anu.

Pali imfa zinanso zomwe anthu amazinamizira matenda pomwe gwero lake ndi madzi. Mukapita kudziwe m'bandakucha n'kupeza nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa kuli yasa, zikumeza mpweya, vuto ndi kuchepa kwa mpweya m'madzi chifukwa cha manyowa kapena chakudya chochuluka. Pisani mkono mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chazimirira madzi asanafike pakati pa mkono, ndiye kuti abiriwira mopyola. Lekani manyowa, chepetsani chakudya, lowetsani madzi atsopano. Ndipo pa nkhungu yoyera ngati thonje yomwe imamera pa nsomba zovulala ndi ukonde m'nyengo yozizira, mchere wa kukhitchini umaposa zomera zonse zomwe tatchulazi: magalamu 10 mpaka 20 pa lita imodzi ya madzi m'beseni, kwa mphindi zosapitirira 10, ndipo nsomba ikayamba kugona cham'mbali ibwezereni msanga m'madzi abwino.

Tikaika zonse pa sikelo, mlimi wa madeya ayambe ndi soya wokazinga ndi ufa pang'ono wa cham'mwamba, chifukwa chomwe nsomba zake zikusowa ndi zomanga thupi. Amene chakudya chake chili kale bwino awonjezere adyo kapena jinja kwa masabata awiri nthawi zovuta zikamayandikira. Alovera ndi njere za papaya zisiyireni ofufuza a ku Bunda ndi ku Domasi, omwe ali ndi matanki ndi masikelo oyezera pa makumba ndi chambo zenizeni.

Ndipo musakhulupirire chabe chifukwa mwawerenga pano. Imikani timakhola tiwiri ta ukonde m'dziwe limodzi, tofanana kukula. Ikani nsomba 30 za msinkhu umodzi m'kalikonse, mutaziyeza kulemera pamodzi m'ndowa ya madzi. Dyetsani chakudya chofanana pa nthawi yofanana, koma khola limodzi lokha ndilo lilandire chowonjezeracho. Lembani m'kope chakudya chomwe chalowa, ndalama ya adyo kapena jinja, ndi nsomba iliyonse yomwe yafa. Pakatha masabata 6 yezaninso. Ngati muli m'kalabu ya alimi, alimi atatu kapena anayi achite zomwezo pa maiwe awo nthawi imodzi, chifukwa zotsatira za dziwe limodzi zingabwere mwamwayi. Kuyesaku kuchitike pakati pa Okutobala ndi Malichi, madzi ali ofunda ndipo nsomba zikudya bwino, popeza m'chisanu makumba amadya pang'ono ndipo kusiyana kwa makhola awiriwo sikungaoneke pa sikelo.